Kamtengo ka m'mfuti

Amuna anga anasiya zinthu zochepa: masuti awiri, wailesi yomwe inkadikira kumenyedwa kuti ilankhule, ndi mfuti yosakira nkhanga. Masuti anatenga achimwene awo, wailesi inapita ndi alongo awo. Mfuti aliyense anaiopa, ndiye inatsala ndi ine m'nyumba ya ku Area 15.

Masiku amenewo munthu sunkatchula mfuti pagulu. Amayi oyandikana nawo, omwe tinkapatsana mchere, atamva kuti ili kuseri kwa kabati anayamba kundipatsira moni patali. Ana tinalibe. Loweruka masana ndinkaitulutsa n'kuipukuta ndi mafuta a makina osokera, monga ankachitira eni ake. Kuwombera sindinkadziwa, ndipo sindinkafuna kudziwa. Ndinkangofuna fungo lija m'nyumba.

Mfutiyo inkalowa zipolopolo zisanu, koma chiphaso chake chinkalola zitatu. Amuna anga anali kalaliki ku Capital Hill, munthu woopa lamulo ngati njoka. Anasema kamtengo ka mlombwa n'kukalowetsa momwe mumakhala zipolopolo, kuti malo a ziwiri atsekeke. Anakasemera pakhonde, mpeni n'kuwacheka chala, ine n'kuwaseka kuti manja a cholembera sagwira mpeni. Chaka ndi chaka wapolisi wachikulire woona za ziphaso ankayesa, n'kuona kuti chipolopolo chachinayi chikukana kulowa, n'kudinda.

Nditapita nayo ku polisi kukasinthitsa dzina pa chiphasocho, ndinapeza wachikulire uja atapuma pa ntchito. Pampando pake panali wina. Anamasula mfuti, kamtengo n'kugwera patebulo.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

"N'chotsekera, bwana. Kuti zizilowa zitatu basi."

"Ndachichotsa ndi zala ziwiri zokha. Panopa zikulowa zingati?"

"Zisanu. Koma mwachotsa ndinu."

"Lamulo silifunsa kuti wachotsa ndani. Limawerenga zimene mfuti ingathe kunyamula."

"Nanga anzanu aja ankawerenga lamulo liti zaka zonsezi?"

Nthawi yomweyo ndinazindikira kuti pakamwa pandiika m'madzi. Funso lotero linkatha kukugoneka kumene abale ako sangakupeze. Ndinapepesa, koma mtima ukuwira.

Mfuti anaisunga. Anati ndikapeza mmisiri woti atsekeretu malowo ndi chitsulo, aganizanso. Ndinatsikira ku Old Town kwa bambo wina wowotcherera njinga pafupi ndi mzikiti. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza.

"Mayi, njinga bweretsani, ketulo bweretsani. Chimenecho ayi, ndili ndi ana."

Sindinawakwiyire. Ndinayenda msika wonse wosapeza munthu woti ndimuuze, ndipo ndi pamenepo pamene umasiye unandipweteka kuposa tsiku la maliro.

Lolemba ndinabwerera n'kusaina kuti mfuti ndaipereka ku boma mwakufuna kwanga. Mawu akuti kufuna kwanga amandinyansabe. Kamtengo kaja kanali pomwepo patebulo, katapsinja mapepala kuti asauluke.

"Nanga kamtengoko, bwana, n'koletsedwa?"

Anakatembenuza uku ndi uku ngati akufuna ndime ya lamulo yokakhudza.

"Ndi nkhuni iyi. Tengani."

Loweruka lotsatira ndinapezeka ndatulutsa mafuta ndi kansanza ndisanaganize n'komwe. Ndinakhala pakhonde ndekha n'kupukuta kamtengo kaja mbali zonse. Malo amodzi okha, pamene panada ndi magazi a chala chawo, ndinawalambalala.