Mpando wa Pakati pa Masipika Asanu

Ntchito anandipezera ndi azakhali anga, amene amagulitsa nandolo pa msika wa Nkando. Anamva kuti ku Boma kuli bambo wina wokalamba, wosaona, ndipo mwana wake wamkazi wa ku Blantyre akufuna mnyamata womusamalira. Ine ndinali nditangosiyira sukulu fomu 2. Pondikweza minibasi, azakhali anandiuza kuti, "Ukakhale waulemu. Usakadikire kutumidwa, uzikaona wekha chofunika kuchita."

Mawu amenewo ndinawasunga bwino, mwina mopitirira.

Agogowo anali kalaliki ku esiteti ya tiyi zaka zambiri, maso n'kudzawathera ndi matenda a shuga. Pabalaza pawo panali zinthu zimene sindinazimvetse. Pakati penipeni panali mpando umodzi wa nsalu yoperepeseka. Mozungulira mpandowo munali masipika asanu ang'onoang'ono pa timiyendo tachitsulo, atatu kutsogolo, awiri kumbuyo, iliyonse yopendekera kwake. Pasimenti, m'tsinde mwa mwendo uliwonse, panamatidwa kachidutswa ka tepi yakuda. Mawaya ankayenda pansi ngati mizu.

Chimene ndinadziwa mochedwa n'chakuti zonsezi anaziyala ndi mwana wawo wamwamuna. Anabwera nazo kuchokera ku Joni pamene maso a bambo ake anayamba kuchita mdima, nakhala masiku awiri akuyeza ndi chingwe, kusuntha, kumvetsera, kusunthanso. Atamaliza anamata tepi ija. Anabwerera ku Joni, ndipo kunabwera bokosi la maliro ake basi.

Tsiku lililonse ikakwana 3 koloko masana, magetsi akakhalapo, agogo ankakhala pampando uja, ine n'kuwaikira chimbale. Nyimbo zake zinalibe mawu, zinalibe ng'oma. Anthu anayi okha ndi mavayolini, atatu ang'ono ndi chivayolini chimodzi chachikulu cholira pansi. Kwa ine zinali ngati kaligo amene wakana kumaliza nyimbo. Ndinkakhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo nditapinda, kudikira kuti mwina anditume.

"Iwe, ukumva chiyani pakhomopo?" anandifunsa tsiku lina.

"Ndikumva bwino, agogo."

"Bodza. Ukumva munthu mmodzi, amenenso ali kumbuyo. Tabwera, ukhale pano."

Anadzuka ndithu, n'kuima atagwira ndodo yawo. Ine ndinatsala pomwepo pakhomo. Kwathu mwana sakhala pampando munthu wamkulu ataimirira. Amayi akanamva zoti ndakhalira mpando wa bambo wosaona, iwo ali chilili, akanandifunsa ngati ndinaleredwa ndi mbuzi.

"Ayi agogo, ndili bwino pompano."

"Mpandowu suluma."

"Zikomo agogo, pompano pali bwino."

Anaseka, n'kukhalanso. Kenako anayamba kuloza m'malere. "Woyamba ali apa, kumanzere. Ndi wamakani ameneyu. Mnzake akumuyankha uko. Uyu wofatsa ali kuseri kwa phewa langa. Chachikulu chija chili apa, chimandigunda m'nthiti. Akamakoka mpweya asanayambe, ndimawamva. Ndikakhala pano, mwanawe, chipinda ndimachiona."

Ndinavomera kuti "eya agogo," osamvetsa kanthu. Anandiitanira pampandopo kanayi kapena kasanu m'miyezi imeneyo. Ndinakana ulendo uliwonse, ndipo ndinkadziona ngati mwana woleredwa bwino.

Lachisanu lina m'nyengo ya chiperoni, mnansi wathu anawatenga pa galimoto kukayezetsa shuga. Mawa lake kunkabwera mwana wawo wamkazi uja. Ndinatsala ndekha, ndipo ndinaima pabalaza n'kuyang'ana ndi maso a mlendo. Ndinaona chisokonezo. Masipika ali mbalambanda ngati ana okangana, mawaya odzaza fumbi, tizidutswa takuda pansi ngati zitosi. Ndinaganiza kuti agogo amakhala motere chifukwa saona, ndipo amene analipo ine ndisanabwere anali waulesi.

Masipika ndinali nditawaonapo ambiri. Pa ukwati, pa msonkhano wa chitsitsimutso, pa shopu yokopera nyimbo ku Nkando, konseko amawasanja pamodzi, ina pamwamba pa inzake, kuyang'ana kumene kuli anthu. Ndinazula mawaya onse, n'kuwapukuta umodziumodzi. Tepi ija inali itagwira zolimba, moti ndinachita kuipala ndi mpeni, n'kutsuka zomata zake ndi parafini. Ndinakolopa, ndinapaka polishi wofiira, ndinakwecha ndi chikoko cha kokonati mpaka simenti inawala. Masipika ndinawasanja kukhoma, atatu pansi, awiri pamwamba, n'kuyalapo kansalu koluka. Mawaya ndinawabwezera m'mabowo mmene anakwanira. Nditayesa chimbale, chinalira, mokwezanso kuposa kale. Ndinasamba n'kukhala pakhonde kudikira kuyamikiridwa.

Agogo atalowa, anatambasula ndodo kumanja monga ankachitira, kufuna kugunda kamwendo ka sipika yakumbuyo. Ndodo inangodutsa.

"Ya apa ili kuti?"

"Ndakonza, agogo. Ndaika onse pamodzi bwinobwino."

Anafufuza mpando, n'kukhala. "Ika chimbale."

Anamvetsera osafika mphindi imodzi. Mutu unkatembenuka uku ndi uku ngati munthu wofunafuna anzake pa depoti.

"Zimitsa. Tepi ija ilipo?"

"Ndachotsa, agogo. Inali yakuda."

Kunja chiperoni chinkangonyowetsa malata osamveka. Ndinadikira kuti akalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Iwo anati, "Wakwecha bwino. Polishi ndinamumva ndili panja." Atatero ndi pamene anandiuza za mwana wawo ndi chingwe chake, mawu ali pansipansi, ngati akuwerenga kalata ya munthu wina.

Mwana wawo wamkazi atabwera anayamikira kuti nyumba yasintha. Atamva nkhaniyo anati, "Koma bambo, nyimbo ikumveka, si choncho? Mnyamatayu abwezeretsa."

Tinayesa masabata atatu. Agogo pampando, ine nditanyamula sipika. "Sunthira kumanzere. Pang'ono. Wapitirira. Bwerera. Itembenuze iyang'ane khutu langa." Tikakonza imodzi, ina inkasokonekera. Mawaya onse anali ofanana, ndipo sindinkakumbuka kuti uti unali pati. Tsiku lina chachikulu chija chinkalirira kumbuyo, mawa lake wamakani uja n'kusowa. Tinaitana bambo wina wokonza mawailesi pamsika. Anagwiragwira, anakweza mawu mpaka mawindo ananjenjemera, n'kunena kuti, "Madala, zonse zikugwira ntchito izi, palibe chafa." Agogo anamuthokoza, n'kundiuza ndimuperekeze.

Tsiku lomaliza kuyesa, anadzuka pampando n'kunena kuti, "Makutu anga atopa, sindikudziwanso chimene ndikufuna. Khala apa undiuze."

Ulendo uno sindinakane. Ndinakhala m'mphepete mwenimweni, iwo ataima pambali panga ndi ndodo. Nyimbo itayamba, ndinatchera khutu. Munthu anakoka mpweya kumanzere kwanga, pafupi moti ndinacheuka. Wina anamuyankha kutsogolo, mwakachetechete, ngati akupepesa. Chachikulu chija chinalowa pansi pa onse n'kuwanyamula. Anali anthu anayi m'chipinda, akukambirana nkhani yovuta popanda wokweza mawu. Miyezi yonse ija ndinkamvera zimenezi pakhomo ngati mkangano wa kwa aneba.

"Ali m'malo mwawo?" agogo anafunsa.

Ndinafuna kuwasangalatsa. "Ali bwino, agogo."

"Ungadziwe bwanji," anatero, osati mokalipa. "Sunawaonepo pamene ankakhala."

Zinali zoona. Munthu mmodzi yekha wamaso amene akanatha kukumbukira malo a masipika aja, ndi kumva kusiyana kwake, ndinali ine, ndipo ndinakana kasanu chifukwa cha ulemu.

Kuyambira pamenepo 3 koloko inkangodutsa. Ndikafunsa ngati ndiike chimbale, ankati, "Leka." Ankakhala pakhonde kuyang'ana kumene kuli phiri, tiyi n'kuzizira m'kapu. Kudya kunachepa. Mvula yoyamba itagwa, mwana wawo anabwera kudzawatenga kuti azikakhala nawo ku Blantyre. Masipika anawapereka ku tchalitchi china chapafupi, kumene ndinamva kuti anawasanja kutsogolo, atatu pansi, awiri pamwamba.

Pokwera galimoto agogo anandigwira dzanja, n'kulisunga kanthawi. Ndinkafuna kunena kuti pepani, koma ndinali nditanena kale kambirimbiri, moti mawuwo anali ataperepeseka ngati nsalu ya mpando uja. Ndinangoti, "Muyende bwino, agogo."

Ndinabwerera ku Nkando, ndipo tsopano ndimathandiza azakhali kuyeza nandolo. Moyang'anana ndi benchi yathu pali shopu yokopera nyimbo, masipika ake ali mulu, kulira kuyambira m'mawa. Azakhali amauza anzawo kuti ku Boma ndinasiya mbiri yabwino. Amati mayi wa ku Blantyre uja anawaimbira foni n'kuwauza kuti mnyamata waukhondo ngati ine sanamuonepo.