Bambo Biswick Chisenga, Amene Anasambitsa Mapazi a Nduna ya ku Kashmir

Abale ndi alongo mwa Ambuye, papita chaka chimwalirire Bambo Biswick Chisenga, ndipo kufikira lero palibe amene walemba mbiri yawo m'kalata ya mpingo wathu uno wa ku Barking, kuno ku London. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Nkovuta kutamanda munthu amene unamuchotsa pagome. Komabe mbiriyo iyenera kulembedwa, kuti ana athu amene akukulira kuno adziwe kuti pakati pathu panakhalapo mkhristu.

Bambo Chisenga anabadwa mu 1941 m'boma la Kasungu, wachisanu m'banja la ana asanu ndi awiri. Anaphunzira pasukulu ya mishoni mpaka Sitandade 6, ndipo atalephera kupitiriza analowa ntchito pachipatala cha mishoni yomweyo. Sanali dokotala kapena namwino. Anali wosambitsa odwala, wochapa nsalu zoipitsidwa, wonyamula mitembo kupita nayo ku nyumba yachisoni. Ntchito imeneyi anaigwira zaka makumi atatu ndi zinayi. Anabatizidwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo kufikira atabwera kuno anaphonya Mgonero wa Ambuye kamodzi kokha, chaka chimene mtsinje wa Bua unasefukira nkuwatsekera kutsidya.

Akazi awo, Mayi Anna, anamwalira mu 1999. Patatha zaka ziwiri mwana wawo Maureen, amene ndi namwino kuno, anawaitanitsa kuti adzapume. Anakhala miyezi inayi m'nyumba ya ku Thamesmead akuyang'ana mtsinje pawindo, kenaka anauza mwana wawoyo kuti manja osagwira ntchito amayamba kuloza anthu. Analowa ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ntchito imene theka la mpingo uno limagwira, ngakhale kumudzi timalemba makalata onena kuti tili m'maofesi a zaumoyo.

Mu 2002 a ku ejensi imene inawalemba ntchito anawatumiza ku Ilford, kwa nkhalamba ina imene osamalira atatu anali ataithawa kale. Dzina lake linali Khwaja Nazir Kanth. Ndiyenera kufotokozako moyo wa munthu ameneyu, osati chifukwa unali woyenera kukumbukiridwa, koma kuti muone amene Bambo Chisenga ankamugwadira.

A Khwaja anabadwa mu 1917 ku Srinagar, m'dziko la Kashmir, m'banja la anthu olemekezeka lokhala ndi minda ya maapulo ndi antchito osawerengeka. Ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi anawatumiza ku Delhi, kubwalo la bwanamkubwa amene ankalamulira India m'dzina la mfumu ya Angerezi. Kumeneko anakhala nduna yoona za mwambo. Ntchito yawo inali kudziwa kuti kalonga uyu akhala mpando wachitatu, uyo wachisanu ndi chinayi. Kuti uyu amuchingamira pachipata, uyo amudikirira pamwamba pa masitepe. Munthu wamoyo wake, wophunzira, wodziwa zinenero zinayi, anatha unyamata wake wonse akuyeza mtunda wa pakati pa mipando. Udindo anakwera nawo ponenera mnzawo amene anakhazika kalonga wina mpando umodzi kumunsi. Mnzawoyo anamuchotsa ntchito, iwo anawaveka mendulo, ndipo nkhani imeneyi ankaisimba ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi zisanu ngati munthu wosimba za mkango umene anapha.

Angerezi atachoka mu 1947, a Khwaja analembera olamulira atsopano a mbali zonse ziwiri, India ndi Pakistan, sabata imodzimodzi, kuwatsimikizira onse kuti mtima wawo unali ndi iwo kuyambira kale. Palibe anawafuna. Mu 1959 anabwera ku London, pokhulupirira kuti kunyumba yachifumu akuwakumbukira. Chaka ndi chaka ankalemberako kalata, ndipo timakadi tosindikiza timene ankalandira, tofanana ndi tomwe amatumizira aliyense, ankatiika m'mafelemu. Anathera m'zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya mafoni, dzanja ndi mwendo wamanja zitafa ndi sitiroko. Mwana wawo wamwamuna ankabwera kamodzi pamwezi, osavula jekete.

Ufumu wonse umene unawatsalira unali Bambo Chisenga, ndipo anaulamulira mwankhanza. Sanawatchulepo dzina, ankangoti "iwe". Sankawalola kukhala pansi. Potuluka m'chipinda ankayenera kuyenda chafutambuyo, chifukwa wantchito saonetsa nduna msana. Maureen atamva zimenezi anakwiya, nati awauze a ku ejensi awapatse munthu wina. Bambo ake anangoti chipindacho nchaching'ono, masitepe atatu okha ndiye wafika pakhomo.

Osamalira oyamba aja anali atalemba kuti nkhalambayo imadzikodzera kangapo patsiku, ndipo anayamba kuiveka matewera. Sabata yawo yoyamba Bambo Chisenga anaona kuti thalauza limanyowa pa nthawi zofanana tsiku lililonse, ndipo pansi pamakhala kapu yogudubuzika. Iwo anali atasamalapo Asilamu ambiri kuchipatala kwathu, ndipo anazindikira. Munthuyo sankadzikodzera. Ankayesa kusamba ndi dzanja limodzi kuti apemphere, pakuti Msilamu sapemphera asanasambe, ndipo kunyada kunamuletsa kupempha wantchito kuti amuthandize.

Tsiku lotsatira anabweretsa beseni ndi jagi. Anawasambitsa manja, m'kamwa, nkhope, mikono mpaka m'zigongono, kenaka anagwada nkuwasambitsa mapazi. Anatembenuzira njinga yawo ya olumala kungodya imene Asilamu a kuno amayang'ana popemphera. A Khwaja anawadzudzula kuti ayambira dzanja lolakwika. Kumeneko ndiko kuthokoza kumene analandira, ndipo anachita zimenezi katatu patsiku kwa zaka zisanu. Nkhalambayo ikamapemphera, iwo ankaima pakhomo nkumapemphera chamumtima m'dzina la Yesu, popeza, monga ankanenera, m'chipindamo munali mutakhala kale chete.

Nkhaniyi inafika kumpingo chifukwa cha nyengo yozizira. Mukudziwa kuti holo yathu timalowamo masana eni ake akatuluka, ndipo m'miyezi ya Disembala ndi Januwale dzuwa limafulumira kulowa, nthawi ya pemphero la masana la Asilamu nkufupika. Bambo Chisenga anayamba kutuluka ulaliki utangotha kuti akakwere basi ya ku Ilford. Atafunsidwa, ananena zoona. Munthu wochenjera akanati shifiti yasintha.

Mu Febuluwale 2004 anaitanidwa kubwalo la akulu ampingo. Amene ankafunsa anali mlembi wa bwalo, a Shadrick Mtambalika, amenenso amasambitsa okalamba ku Romford koma amabwera kutchalitchi ndi chikwama cha loya.

"Bambo Chisenga, funso ndi limodzi. Kodi mumamuthandiza Msilamu kupembedza, inde kapena ayi?"

"Ndimawasambitsa. Kupembedzako amapembedza okha."

"Nanga njinga amaitembenuzira ku Maka ndani?"

"Ili ndi mateyala, achimwene, koma siidziyendetsa yokha."

Ena anaseka, ndipo kusekako kunawawonongera mlandu, pakuti a Mtambalika sakhululukira munthu amene waseketsa anthu iwo ataimirira. Bwalo linagamula kuti adulidwe, asayandikire Mgonero kufikira atasiya mchitidwewo ndi kulapa pamaso pa mpingo. Anawalangizanso kuti apemphe wodwala wachikhristu, ngati kuti matenda amayamba afunsa kalata ya ubatizo. Bambo Chisenga anayankha kuti chilango achilandira, chifukwa bwalo ndi bwalo, koma munthu wolumala sangamusiye m'matewera pa mlandu woti akufuna kupemphera.

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse la Mgonero ankakhala kumbuyo, pafupi ndi pamene timakoleka majasi. Ankavala suti yawo yakuda monga kale. Mbale ya mkate ikamadutsa ankaweramitsa mutu. Zaka zinayi ndi miyezi inayi zinapita chomwecho. Tonse tinkaona, tonse tinkadya, ndipo panalibe mmodzi wa ife amene anaimirira.

A Khwaja atamva za chilangocho anasangalala, popeza inali nkhani ya mtundu umene ankaudziwa bwino. Anati wantchito wawo wangotsitsidwa mpando basi, ndipo mankhwala ake ndi odziwika. Alembe kalata yotamanda mkulu wa bwalolo mpaka achite manyazi. Apeze munthu wina wolakwa koposa iye, amunenere. Zikakanika alape pakamwa Lamulungu, Lolemba abwere adzawasambitse monga mwa masiku onse, pakuti adzaona ndani? Bambo Chisenga anamvetsera malangizo onsewo akuwapukuta pakati pa zala za kumapazi.

"Bwana, inu munakwera nazo zimenezo?"

"Mpaka pamwamba."

"Chabwino. Kwezani phazi linalo."

A Khwaja anamwalira mu Marichi 2007. Sanasiye mawu othokoza. Mwana wawo anataya mafelemu aja m'bini tsiku lotsatira, nagulitsa mendulo. Pamaliro, Bambo Chisenga anaima kunja kwa mzikiti mpaka mwambo unatha, ndipo palibe wa m'banjamo anawafunsa kuti ndi ndani.

Pamenepo bwalo linaona kuti njira yatseguka. A Mtambalika anawauza kuti chokhumudwitsa chachoka chokha, chatsala nkungoimirira kutsogolo ndi kunena mawu amodzi akuti "ndinachimwa". Maureen anawachonderera sabata yathunthu. Anawakumbutsa kuti munthu womwalira ali wodulidwa saimbiridwa nyimbo za mpingo, ndipo anati, "Adadi, mungonena, basi zithe. Aliyense akudziwa kuti ndi za pakamwa chabe." Iwo anapita kubwalo, nayankha akuluakuluwo motere:

"Machimo ndili nawo ambiri. Nditati ndiwatchule onse, eni holo ino angatitsekere mkati. Koma limene mukufunali palibe. Kodi ndiname kuti ndikadye Mgonero?"

Bwalo linalemba kuti munthuyo ngwouma mutu.

Chakumayambiriro kwa 2008 anawapeza ndi khansa, ndipo pofika Juni anali m'chipatala osadzukanso. Masana ena abusa athu, a Paterson Kachiza, anapita kukawaona. Abusawa ndi munthu wofatsa, amene pa zaka zinayi zonsezo anadziwa choyenera nachisunga mumtima mosamala kwambiri. Anatseka makatani a bedi, natulutsa m'chikwama kachikho ndi kamkate kokulunga m'kansalu, nanong'oneza kuti bwalo siliyenera kudziwa. Maureen akuti bambo ake anayang'ana kamkateko nthawi yaitali, ndipo misozi inatsikira m'makutu.

"Abusa, munandidula masana anthu akuona. Musandibweze mobisa m'chikwama."

Anapempha kuti makatani atsegulidwe, ndi kuti abusawo awawerengere Mawu ndi kuwapempherera mokweza. Anatchula a Mtambalika kuti nawonso apemphereredwe. M'mawa mwake, pa 17 Juni, namwino akuwapukuta nkhope, anamuuza kuti ali ndi manja abwino, ndipo anapuma komaliza mwakachetechete, mwana wawo atawagwira dzanja.

Thupi linayenera kupita kwawo ku Kasungu, ndipo mpingo wa kumeneko sukanachita mwambo popanda kalata yonena kuti malemuyo anali mkhristu wodya Mgonero. Apa ndi pamene bwalo lathu linagwidwa ndi chifundo, litalingalira zimene anthu akumudzi adzanene za mpingo wa ku London. Linakumana pa 19 Juni, ndipo popanda wotsutsa linabwezera Bambo Chisenga ku Mgonero wa Ambuye. A Mtambalika anafuna kulemba pakalatayo tsiku la mwezi wa Meyi. Maureen anakana kuinyamula. Anati bambo ake anakana kunama ali moyo, iye sawanamizira ali m'bokosi. Kalatayo inapita ndi tsiku lake lenileni.

Abale, chitsanzo chimene Bambo Chisenga atisiyira sichofuna kumasulira. Anamvera mpingo m'zonse zimene mpingo uli ndi mphamvu yolamula, ndipo anakana kugula malo awo pagome ndi bodza, ngakhale tonse tinali okonzeka kulilandira bodzalo ndi manja awiri. Amene akufuna kuwatsanza ayambire pa wodwala amene ali naye mawa m'mawa, kaya ngwa chipembedzo chanji, kaya ngwamwano chotani.

Ku Kasungu, m'busa wokalamba wa kumeneko anaimirira pamaso pa khamu nawerenga kalata yathu yonse mokweza. Anawerenga tsiku limene munthuyo anamwalira, nawerenganso tsiku limene tinamulola kudya. Anapinda kalatayo, nati akuthokoza abale a ku London chifukwa cha chilolezo chawo, ngakhale chapeza mwini wake atakhala kale pagome. Atatero anauza amayi a mpingo kuti ayambe nyimbo.