Mlonda Wosapereka Moni pa Wailesi

Mumsewu wathu ku Area 10 anthu amati bambo amene amalondera nyumba yoyandikana ndi kuntchito kwanga ndi amwano. Ndikamva zimenezi ndimapsa mtima. Bambo amenewa mukawapeza pageti amakufunsani za ana, za mvula ya kumudzi, mpaka za mbuzi. Koma akagwira wailesi yam'manja yomwe alonda amalankhulirana, moni amausiya pambali.

M'mawa uliwonse amaona ngati batire ladzaza, amalimbitsa kamlongoti, n'kuyesa ngati anzawo akuwamva. "Dina batani, nena zako, siya," amatero. "Njira ndi imodzi. Iwe ukamacheza, tonsefe watitsekera."

Lachiwiri masana, Jobu wosamalira maluwa anagwa mumtengo akusadza nthambi, mwendo n'kuthyoka. Bambowa anadina batani kuti aitane galimoto ya kampani ya alonda, koma sizinatheke. Alonda ena awiri anali atatseka njira ya pa wailesiyo, akucheza: "Nanga kunyumba aswera bwanji? Nanga amayi, chifuwa chija?" Bambowa, munthu wamkulu wa mawondo owawa, anathamanga mpaka kumapeto kwa msewu kumene galimotoyo imaima, Jobu akubuula yekha.

Mawa lake mmodzi wa alonda aja anabwera, wopanda ndi manyazi omwe. Sanabwere kudzapepesa ayi, koma kudzadandaula kuti dzulo bambowa pothamanga paja anamudutsa pageti pake osamupatsa moni.



"Moni wako wa pa wailesi uja ndinaumva wonse," anatero bambowa. "Jobu nayenso anaumva, ali gone pansi."