Galimoto Imene Ndinagulitsa mu Juni

Galimoto ya malemu mkazi wanga ndinaigulitsa mu Juni, kukuzizira, kwa a Phiri, amene timapemphera limodzi ku Nsipe. Makaniko anali atandiuza kale kuti kompuresa ya makina oziziritsa mpweya inafa. Ndinadziwa kuti m'chisanu chotere palibe angayatse makinawo, choncho ndinangokhala chete.

Mu Okutobala a Phiri anandinyamula popita ku Boma. Tonse thukuta linali kamukamu, malaya atamatirira kumsana.

"Pepani achimwene," anatero akudina batani pachabe, "galimoto ya mayi ndaiwononga ndine. Manja angawa!"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma chimene chinatuluka ndi chakuti, "Musadandaule, zimachitika."

Anandithokoza chifukwa cha mtima wanga wabwino. Mawu amenewo amandiwotchabe mpaka lero.