Ndinawalozera Kasupe wa Apumbwa

Alamu anga atandifunsa kumene mbalame zimamwera madzi, ndinadziwa chimene ankafuna. Amazigwira ndi ulimbo n'kukagulitsa mobisa kwa oziweta m'zikwere kutauni. Koma ndinachita manyazi kuwakaniza, ndiye ndinawalozera kasupe wa kuseri kwa dimba lathu la kachewere ku Kaphuka. Ndinawagwiriranso thumba, ine mphunzitsi wa zachilengedwe.

Patapita milungu iwiri, amayi anga, amene maso anasiya kuona, anandifunsa: "Mwananga, apumbwa aja ankandiuza kuti kwacha apita kuti?"

"N'chisanu, amayi. Abwera kukafunda."

Anandikhulupirira. Kwafunda kawiri tsopano. M'mawa uliwonse amakhalabe pakhonde atatchera khutu, ine n'kumadutsa monyang'ama kuti asandifunsenso.