Hema la Alamu Anga a Raimundo

A Raimundo anakwatira mlongo wanga Tabita chaka chimene Apwitikizi ankalongedza katundu wawo. Anafika pa chikamwini kwathu, kufupi ndi Mualadzi, atasenza chimtolo chachikasu pamutu. Ife tinkati ndi nsalu za apongozi. Atamasula, aa, ndi nyumba yansalu! Hema.

Kale ankaphikira mzungu wina wa kudamu ku Songo. Nyanja ya Cahora Bassa itangodzala, patarau wawoyo, kapena kuti bwana, ankawatenga Loweruka kukamanga hema m'mbali mwa madzi, kuwedza nsomba, kuotcha, n'kugona pomwepo. Pobwerera kwawo anawasiyira hemalo. Maulendo amenewo alamu ankawatchula kuti paseyu, ndipo mawuwo ankawatchula ngati akutafuna nzimbe.

"Alamu," ndinawafunsa tsiku lina, "munthu nyumba yamalata ali nayo, bedi ali nalo, n'kukagona kutchire dala? Mutu wake unkayenda bwino mzungu wanuyo?"

"Inu a Silasi simungazimve. Mumadziwa khasu basi. Kumeneko munthu amangokhala pansi n'kumayang'ana madzi."

"Nanga madziwo amatani?"

"Satani ayi. Kukoma kwake n'komweko."

Alamu anamulonjeza mlongo wanga pamaso pathu tonse kuti tikakolola adzapita naye kunyanja, ndipo munthu woyamba kugona m'hemamo adzakhala iyeyo. Tinakolola. Chaka chimenecho kunabadwa Yosiya. Chaka chinacho njinga inalibe matayala. Kenako nkhondo inatseka misewu, ulendo n'kumangodikira.

Koma chaka chilichonse mvula ikatha, alamu ankasesa pabwalo, kusamba m'manja, n'kulimanga hemalo kuti lipitidwe mphepo. Zikhomo ankaziwerenga kawiri. Nkhuku ikangoyandikira, inkaona zakuda. Akatekisita anabwera kudzalibwereka pa tsiku la chikondwerero cha tchalitchi, anabwerera chimanjamanja atamwetsedwa thobwa. Tabita akusinja chapomwepo ankafunsa, "Bambo a Yosiya, lero ndikayale mphasa yanga m'menemo?" Iwo amvekere, "Ayi, pano si panyanja."

Musati anali munthu woumira. Mchere utasowa m'dziko muno, wawo ankagawa ndi supuni mpaka unatha. Denga la mayi anga ankafolera okha osatumidwa. Vuto linali pa hema pokhapa.

Mu 1987 anthu amfuti anayamba kumafika m'midzi yoyandikana nafe, ndipo dzuwa likapendeka tinkanyamula mphasa kukabisala kuphiri. Ine sindinaleke kuwaputa. "Alamu, paseyu uja wafika. Mudzi wonse tikugona kutchire, tulutsani nyumba ija." Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Kugona kutchire uli ndi mantha si paseyu. Ndiponso chikasu chimenechi chingatiulule tili kutali." Pamenepo ndiye ananena zoona, ngakhale sindinawavomereze.

M'mawa wina wa mu February tinaona utsi kumudzi wa kutsidya kwa dambo. Tinadziwa kuti basi, ulendo wa ku Zambia. Msewu waukulu wa ku Cassacatiza tinauopa, tinadzera m'tchire. Amayi anasenza ufa ndi miphika, ana kumsana. Kucheuka ine, alamu ali pambuyo ndi chimtolo chawo chija, atachikulunga m'chiguduli. Mtima unandiwawa. "Kodi tikafika uko tikadya nsalu?" Iwo anangopitiriza kuyenda. Thumba lawo la ufa ndinasenza ndine, ndikung'ung'udza njira yonse.

Tsiku lachiwiri Tabita anaponda chitsa powoloka kamtsinje. Kutacha phazi linali litatupa ngati dzungu, kuponda pansi osatheka. Anthu sakanatidikira. Mkazi wanga anatenga Yosiya ndi ana ena n'kutsogola ndi gulu, ife atatu tinatsala pambali pa kathawale ka madzi obiriwira. Tinayesa kumubereka mosinthana, koma mlongo wanga si munthu wonyamula ngati mtolo wa udzu. Dzuwa lili pamutu tinamva mfuti kuseri kwa phiri limene tinadutsa dzulo lake.

"Pitani," anatero Tabita. "Ndisiyeni pano. Yosiya asatsale wopanda aliyense."

Ine ndinachita mantha, sindikubisa. Miyendo inkangofuna kuthawa yokha.

Alamu anatula chimtolo chija n'kuyamba kumasula. Ndinati munthuyu wapenga, afuna kumanga hema pano? Koma anatambasula dzanja. "A Silasi, mpeni wanu. Inu kadulani nsungwi ziwiri zolimba."

Ndili m'nsungwimo ndinamva nsalu ikung'ambika, kweee! Pobwerera ndinapeza atadula chinsalu chapansi, chokhuthala chija, akuchipinda pawiri n'kumachimangirira ndi zingwe za hema lomwelo. Atatha anatapa matope a pathawale n'kupaka paliponse pooneka chikasu. Manja omwe aja, ankasamba asanaligwire! Zotsalazo anazikankhira m'chitsamba. Zikhomo zokha anaziwerenga kawiri, mwa chizolowezi, n'kuzisiya patsinde la mtengo.

Titalowetsamo nsungwi zija anakhala machira. Tinamugonekapo Tabita n'kunyamula, alamu kutsogolo, ine kumbuyo. Tisanapite patali anadzutsa mutu, thukuta lili kamukamu, n'kuyang'ana kathawale kaja, achule ali pwii pwii m'menemo.

"Bambo a Yosiya, nyanja yanu ija ndi imeneyi? Ine ndinkayesa ndi yaikulu."

"Gonani, mukugwedeza machira."

"Zaka khumi ndi ziwiri ndikupempha. Lero ndagonamo."

"Ndinakuuzani kuti woyamba mudzakhala inu."

Sanacheuke, koma ine ndinali kumbuyo ndipo ndinaona mapewa awo akunjenjemera. Pa zonse zimene ndawaseka nazo alamu anga, chimenecho chokha sindinachitchulepo.

Tinawoloka malire mawa lake dzuwa litapendeka, mapewa atasupuka, n'kuwapeza anzathu pasukulu ina kumene ankalandirira othawa nkhondo. Phazi linapola, ngakhale Tabita amatsimphina pang'ono kukazizira. Nkhondo itatha tinabwerera kwathu. Nyanja ija Tabita mpaka lero sanaione, ndipo akuti alibe nayo ntchito.

Chinsalu chija anabwera nacho. Matope ake sanachoke onse. Masana amachiyala pansi pa mango n'kukhalapo yekha, akutola nyemba. Mdzukulu sayerekeza kupondapo. Tsiku lina ndinapeza alamu atatopa kuchokera kumunda, akufuna kukhala kumphepete kwake. Matako asanafike pansi, Tabita anawagwira mkono.

"Chokanipo, bambo a Yosiya. Pano si panyanja."