Tizilombo timene ndinapha m'nyemba za amayi

Chaka cha njala chija ndinali sitandade seveni ku Mbulumbuzi. Zimene ndinkalephera kunena pakamwa ndinkazilemba kumapeto kwa kope la masamu.

Chimanga chachithandizo chitabwera, pa wailesi ankati n'chosinthidwa chibadwa ndi asayansi, tidye koma tisadzale. Njere zingapo zinapita kudimba pamodzi ndi zinyalala n'kumera pambali pa nyemba za amayi. Nyemba zimenezo ndizo zinali ndiwo zathu komanso mbewu ya dzinja lotsatira.

Tsiku lina pothirira ndinaona tizilombo takuda tamawanga achikasu, tonga tiabuluzi, tikuyenda kunsi kwa masamba. Ndinali ndisanationepo. Ndinalemba kuti, "Tatuluka m'chimanga chija." Sindinauze munthu, poopa kuti amayi angamangidwe chifukwa chodzala choletsedwa. Ndinazula chimangacho, ndipo m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkafinya tizilomboto ndi zala, tsamba ndi tsamba, ine amene ndinkathawa nkhuku ikamaphedwa.

Sipanapite nthawi, nyemba zinada bii ndi nsabwe. Masamba anapiringizika, maluwa n'kuyoyoka. Amayi anaimitsa alangizi a zaulimi amene ankadutsa pa njinga. Iwo anatembenuza masamba ambiri mpaka anapeza kachilombo kamodzi kamene ndinakaphonya.

"Mayi, alonda anu ali kuti? Dimba lonseli mmodzi yekha?"

"Alonda atinso, bambo? Ine kulemba mlonda ndi njala imeneyi?"

Alangizi anaseka n'kukaika pa tsamba lodzaza nsabwe. Kanagwira imodzi n'kuyamba kuidya ife tikuona.

"Aka n'kamwana ka kachikumbu kofiira kamadontho kaja. Ntchito yake n'kudya nsabwe basi. Munapopera mankhwala?"

"Tiwatenge kuti?" anatero amayi.

"Si ta m'chimanga chija?" ndinafunsa monong'ona.

"Chimanga sichibereka tizilombo, mwanawe. Kaya chimapweteka tizilomboti tikakhala pafupi nacho, zimenezo sindidziwa. Koma apa pali amene watitha."

Ndinangotambasula manja anga onse awiri, zala zili zothimbirira ndi tizilombo timene ndinkafinya. Amayi anayang'ana zalazo nthawi yaitali.

"Iwe mwana, pakamwa anakupatsa kuti uzitani napo?"

Nyemba zimene tinakolola sizinadzaze mbale ya ndiwo. Mvula itayandikira amayi ananditumiza ndekha ku Ndunde kwa azakhali kukapempha mbewu, n'kundiuza kuti ndikafotokoze ndi pakamwa panga chimene chinachitika.